Mayi Buleki ndi Chivundikiro cha Pulosesa

Dzina lawo lenileni linalipo, lolembedwa bwinobwino pa laisensi, koma mumsewu wonse wa kuseri kwa depoti ankangowatchula kuti Mayi Buleki. Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo mawu amene ankamveka kwambiri kuchokera m'kagalimoto kawo koyera anali omwewo: "Buleki, bambo. Buleki. Ndati buleki, sindinati pemphero." Ana ankawatsanzira akamasewera. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ankakokera mabenchi awo kukhoma akangoona chilembo chofiira cha L chikukhota pakona.

Mayi Buleki anakulira pampando wakutsogolo wa lole ya bambo awo, amene anali dalaivala wa maulendo ataliatali. Bambowo sankaopa mbava, sankaopa mvula, sankaopa apolisi a pamsewu. Ankaopa chinthu chimodzi, injini kuwira. Mwana wawo asanadziwe n'kuwerenga komwe, anali atamuphunzitsa kale kuyang'anitsitsa kasingano kosonyeza kutentha. "Galimoto ikayamba kutentha, ima," ankatero. "Munthu akayamba kutentha, thawa." Mwanayo anakula nawo mawuwa. Atakhala ndi galimoto yakeyake, kubuti kunkakhala zigubu za madzi zochuluka moti wophunzira wonenepa akakwera, kumbuyo kunkakhula pansi. Chilichonse m'nyumba ankachiyesa ndi kuseri kwa dzanja: foni, wailesi, firiji, ana, ngakhale mphumi ya amuna awo akangochedwa kuyankha funso.

Amuna awowo anali telala. Ankasokera pakhonde, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, ndipo chifukwa cha mapiniwo anazolowera kuyankha mwachidule. Chilichonse chimene akazi awo anena, iwo ankangoti, "Ndi zoona zimenezo." Banja linkayenda bwino. Ana anali atakula n'kupita kukakhala kwaokha, ndiye chipinda chakutsogolo chinasanduka ofesi ya sukulu yoyendetsa galimoto, ngakhale theka lake linali litalandidwa ndi tebulo lalikulu lodulirapo nsalu.

Kumapeto kwa msewu womwewo kunali galaja ya mlongo wamng'ono wa Mayi Buleki, makaniko wa manja ngati mafosholo. Iyeyu ankakhulupirira kuti padziko palibe chinthu chokana, pali anthu ofooka basi. "Chimene chakana sipanala, hamala imachidziwa," ankatero, ndipo theka la magalimoto a m'derali linali ndi zipsera zochitira umboni.

Nkhani ya kompyuta inayamba ndi kilatchi. Ophunzira atsopano ankaiponda ngati akupha njoka, ena ankaiiwala phazi lili pomwepo mpaka fungo la chinthu chopserera litadzaza m'galimoto. Kenaka mayi wina wogwira ntchito kubanki, atauzidwa kuti abwerere m'mbuyo pang'ono, anabwerera kwambiri, n'kunyamula geti la nyumba ndi chingwe choyanikapo zovala. Madzulo ake makaniko anatuluka kunsi kwa kagalimotoko n'kunena kuti, "Achemwali, kilatchi imeneyi ndaisintha mpaka yayamba kundipatsa moni. Pezani njira ina."

Njirayo anabwera nayo ndi mwana wawo wamkazi atabwera kudzacheza. Anawaonetsa pafoni anthu akuphunzira kuyendetsa atakhala pampando m'nyumba: chiwongolero chomangirira patebulo, zopondera pansi, msewu uli pa sikirini ya kompyuta. Ukagunda mtengo, umangodina batani mtengowo n'kudzukanso. Mayi Buleki anaonera kawiri, n'kufunsa ngati mageti nawonso amadzuka. Atamva kuti amadzuka, anatsimikiza zopeza kompyuta.

Anali asanakhalepo ndi kompyuta chibadwire. Anapita kushopu ina m'tauni, ya mayi wa magalasi ochindikala amene ankalankhula modekha ngati namwino. Mayiyo anawaonetsa kompyuta yolumikiza kale, yongofika n'kuyatsa.

"Nanga m'katimo muli chiyani?" anafunsa Mayi Buleki.

"Muli zonse zofunika, mayi."

"Ine sindikwera chinthu chimene sindinachitsegule boneti. Ndigulitseni zipangizo, ndikamanga ndekha."

"Munamangapo?"

"Ndinasinthapo tayala la lole ndili ndi pakati."

Mayi wa pashopuyo anaona kuti apa palibe chotsutsana. Anayala makatoni pakauntala n'kuwafotokozera chimodzichimodzi. Ili ndi bolodi lalikulu, pamene zonse zimakhazikika. Aka, kachitsulo kophwatalala ngati bisiketi, ndi pulosesa, ubongo wa kompyuta, ndipo ndi kamene kamatentha kakamagwira ntchito. Pamwamba pake mupake phala lotuwa ili pang'ono, kenaka mukhazike choziziritsira ichi chokhala ndi fani.

"Rediyeta," anatero Mayi Buleki, nkhope ikuwala. Anamva ngati akumana ndi wachibale kudziko lachilendo.

Loweruka anachotsa nsalu patebulo lija n'kuyamba ntchito. Atelala anapatsidwa udindo wosunga timasikuluwu, ndipo mwachizolowezi anatiika pakamwa, moti tsiku lonse sanathe ngakhale kunena kuti ndi zoona zimenezo. Mayi Buleki anagwira ntchitoyo mosamala, lilime lili panja, akuwerenga kabuku ka malangizo mokweza ngati akulalikira. Dzuwa likupendeka anadina batani. Fani inazungulira, timagetsi tinayaka, sikirini inawala. Anatuluka panja n'kuuza aliyense amene ankadutsa, mpaka munthu wongofunsa njira, kuti amanga kompyuta ndi manja awo.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Mwana wawo atawathandiza pafoni kuika pulogalamu yoyendetsa galimoto ija, anangoyenda pang'ono pamsewu wa pa sikirini, fani n'kuyamba kulira ngati ndege ikunyamuka. Pakona panali kanambala kosonyeza kutentha. Kanakwera, kanakwera, kanafiira psuu, kenaka kompyuta yonse inangoti zii. Anayatsanso, zomwezo. Mayi Buleki anaika kuseri kwa dzanja pabokosilo n'kulichotsa msanga. Chimene anachiopa moyo wawo wonse chinali chitawalondola mpaka m'nyumba.

Anayesa zimene ankadziwa. Anatsegula mbali ya bokosilo n'kuisiya yasa ngati boneti. Anabweretsa fani ya kuchipinda n'kuilozetsa m'katimo, atelala n'kumagona akutuluka thukuta. Anayanika thaulo lonyowa pawindo. Atelala anapereka maganizo oti mwina kompyutayo izikhala m'firiji, chingwe chokha chizitulukira pachitseko, ndipo Mayi Buleki anapita kukayeza firijiyo ndi tepi asanakane.

Ndiye anayamba kufufuza pafoni. Anapeza mavidiyo a anyamata ena olankhula mothamanga, amene ankanena kuti kachitsulo konyezimira kali pamwamba pa pulosesa ndi chivundikiro chabe. Ubongo weniweni uli pansi pake. Ukachotsa chivundikirocho n'kupaka phala labwino m'katimo, kutentha kumatsika. M'mavidiyomo zinkaoneka zophweka ngati kutsegula chitini cha polishi. Munthu ankalowetsa kanthu m'mbali, kumveka kuti thi, kenaka akumwetulira akuonetsa nambala yobiriwira.

"Bambo, mwaona?" anatero kwa amuna awo. "Kavala chipewa. Munthu akamatentha umayamba wamuvula chipewa."

"Ndi zoona zimenezo."

Anaimbira foni mayi wa pashopu uja, osati kuti afunse, koma kuti amudziwitse. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi, ndikupempheni chinthu chimodzi," anatero. "Chivundikirocho sanachiikire kukongoletsa. Pansi pake pali kagalasi kopyapyala ngati chikhadabo, ndiye ubongowo. M'mbali mwake muli tizinthu ting'onoting'ono ngati mchenga. Mukakanda kamodzi kokha, ndi maliro. Komanso zivundikiro zina amangomata ndi guluu, zina amawotcherera ndi mtovu kukagalasiko. Chowotcherera mukachikakamiza chimachoka ndi ubongo womwe. Ndipo mukangotsegula, galanti yathera pomwepo."

"Anyamata a m'vidiyo aja akutsegula bwanji?"

"Amene zinawafera sajambula vidiyo. Amene mukuwaonawo ali ndi zida zake, ndipo ena ali ndi mapulosesa ena mudilowa. Inu muli ndi imodzi. Kompyuta yatsopano siyenera kutentha chonchi, pali chinachake chaching'ono chalakwika. Bwerani nayo ndiione."

Mayi Buleki anathokoza mwaulemu n'kudula foni. Mawuwo anawamva ndithu, ndipo pakanakhala wophunzira wawo amene wachenjezedwa chonchi n'kupitirizabe, akanamutsitsa m'galimoto. Koma anaganiza za ulendo wonyamula bokosilo kudutsa mumsewu wonse umene anaulengezera kuti amanga kompyuta, ogulitsa aja akufunsa kuti yadwala chiyani. Mphunzitsi sakhala pabenchi ya ophunzira. Anamasula choziziritsira, anachiika pambali chogadabuza osachiyang'ana, n'kutulutsa pulosesa ija.

Njira yoyamba inali ya ulusi, chifukwa mnyamata wina m'vidiyo anadula guluu wa m'mbali ndi kachingwe. Apa atelala anadzimva kuti nthawi yawo yakwana. Anatulutsa ulusi wawo wolimba kwambiri, wosokera majinzi, anaukulunga kuzala, akazi awo atapanikiza pulosesayo patebulo. Anacheka uku ndi uku, uku ndi uku, nkhope ili gwa ngati dokotala wa opaleshoni. Ulusi unaduka, ndipo atelala anagwa chagada m'dengu la zidutswa za nsalu, miyendo m'mwamba. Chivundikiro sichinasunthe n'pang'ono pomwe.

Njira yachiwiri inali ya lezala. Tsopano anasinthana: bambo agwire, mayi acheke. Lezala linalowa pang'ono pakona, linalowanso pakona ina, kenaka linaterereka n'kukapeza chala cha atelala. Iwo sanakuwe. Anangotenga kansalu kamene kanali pafupi n'kumanga chalacho, ndipo patapita nthawi ndi pamene anazindikira kuti kansaluko kanali thumba la buluku la kasitomala.

"Chinachake chagwa," anatero Mayi Buleki. "Kanthu kakang'ono. Ndakamva."

"Mwina ndi fumbi."

"Fumbi silimveka likamagwa."

Anagwada onse awiri pasimenti, akufufuza ndi tochi ya foni masana dzuwa likuswa mtengo. Anapeza mapini, mkanda umodzi, batani la malaya limene linasowa chaka chatha, ndi nyerere yakufa. Pomaliza anagwirizana kuti linali fumbi, chifukwa maondo anali atayamba kupweteka.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, ndipo Mayi Buleki anali munthu wanzeru. Koma chivundikirocho tsopano chinali chitatukuka pakona imodzi, ngati chikuwaseka. Kubwezera sikukanatheka, kusiya sikukanatheka. Anakulunga pulosesayo m'kampango n'kunena kuti, "Tiyeni kugalaja." Vidiyo ina inali itaonetsa njira ya vayisi, chopanira chachitsulo chija chimene amakaniko amamangirira pabenchi. Umapana chivundikiro mbali imodzi, kabolodi kobiriwira ka pansi mbali inayo, n'kumapotokola mpaka ziwirizo zitasiyana.

Makaniko anailandira pulosesayo pachikhatho chake chakuda ndi girizi n'kuiyang'ana monyoza.

"Kameneka ndi kamene kakuvutitsani tsiku lonse? Alamu, chala chatani?"

"Ntchito," anayankha atelala.

"Pang'onopang'ono, iwe," anatero Mayi Buleki. "Si bawuti ya tayala imeneyi."

"Achemwali, ine ndinachotsapo injini ya basi ndi chingwe cha pachitsime."

M'galajamo munali dalaivala wa takisi amene ankadikira galimoto yake kuyambira m'mawa. Anakhala pa tayala lakutha, kapu ya tiyi ili m'manja, ndipo atamva kuti pali opaleshoni ya ubongo anasendera pafupi. Makaniko anapana pulosesa ija m'vayisi, analavulira m'manja, n'kugwira chopotokolera. Anapotokola pang'ono. Palibe. Anapotokolanso. Kabolodi kobiriwira kanayamba kupindika ngati nsana wa mphaka.

"Ima kaye," anatero Mayi Buleki.

"Katsala pang'ono kugonja."

"Ndati ima."

Koma makaniko, monga ophunzira onse a mlongo wake, anamva mawuwo ataponda kale. Panamveka kuti phwa. Chivundikiro chinauluka, chinakamenya nyale yaitali ya kudenga imene inaphulika n'kugwetsa timagalasi ngati matalala, chinagunda lata, kenaka sichinaonekenso. Kabolodi kobiriwira kanagwera mbali ina, m'beseni la oyilo wakuda amene anali atangokhetsedwa m'takisi ija. Galu wa pagalajapo anathawa osacheuka ndipo anabwerako mawa lake.

Onse anatulutsa mitu m'mapewa pang'onopang'ono.

"Katseguka," anatero makaniko.

Kabolodi anakavuula ndi pulayala. Chivundikiro anachifuna paliponse: kunsi kwa benchi, m'bokosi la masipanala, m'thumba la malaya a atelala. Dalaivala wa takisi anathandiza nawo kufufuza ndi dzanja limodzi, linalo likuperekeza tiyi kukamwa. Atafika pansi pa kapu, chinthu chinamugogoda mano. Anachitulutsa ndi zala ziwiri n'kuchipereka.

"Ndimadabwa kuti shuga wa lero sakusungunuka," anatero.

Mayi Buleki anatembenuza chivundikirocho. Kunsi kwake kunali kutamatirira kachidutswa konyezimira ngati galasi losweka. Anayang'ana pakabolodi, atakapukuta oyilo, n'kuona theka linalo. Chinali chowotcherera chija. Ubongo unali utagawika pawiri, wina watsala pakhomo, wina wapita ndi chipewa.

"Ndi mmene zimayenera kuonekera?" anafunsa makaniko.

"M'vidiyo sizinali chonchi."

"Ndiye tiwotcherere. Makina ndayatsa kale."

Kuwotcherera anakana, koma chiyembekezo ndi chinthu chouma mutu. Anatsuka zidutswazo ndi palafini, anaziumitsa padzuwa pamwamba pa takisi, anazilumikiza ndi guluu wa nsapato, n'kubwerera nazo kunyumba anthu atatu, dalaivala wa takisi akutsatira pambuyo chifukwa ankafuna kuona mathero ake. Pulosesayo anaibwezera pabolodi. Mayi Buleki anadina batani. Fani inazungulira kamodzi, ngati munthu wotembenuka m'tulo, n'kuima. Sikirini inangokhala bii. Anadinanso, ndipo ulendo uno ngakhale faniyo sinadzivutitse.

Sanakalipe. Anakhala pampando, manja pamiyendo, akuyang'ana bokosilo. Chinawapweteka kwambiri sichinali kuwonongeka kwa chinthucho, koma kuti anauzidwa. Iwo amene ankadya chifukwa chochenjeza anthu, anachenjezedwa momveka bwino, m'chinenero chawo, n'kupondabe mafuta. Mawa lake pophunzitsa analankhula motsitsa kwambiri moti wophunzira wina anaimika galimoto pambali n'kufunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta.

Patapita masiku angapo anavomera kupita kushopu. Atelala ananyamula bokosilo atalifunditsa nsalu kuti anthu aziyesa makina osokera. Makaniko anawaperekeza, ndipo m'njira monse ankawaphunzitsa zokanena.

"Mukangoti inabwera choncho. Mwatsegula katoni, mwapeza ili pawiri."

"Sindinama ine."

"Ndiye mukangokhala chete, ndikalankhula ndine."

Mayi wa pashopu anatsegula bokosilo, anamasula choziziritsira, n'kutulutsa pulosesa ija. Anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Anaifikitsa pamphuno.

"Inapita ku sevisi?" anafunsa. "Ndikumva oyilo."

"Inabwera choncho," anatero makaniko.

"Ndi guluu wa nsapato yemwe?"

Makaniko anayamba kuwerenga mitengo ya zinthu za pashelefu mwachidwi chachikulu. Mayi Buleki anafotokoza zonse, kuyambira ulusi mpaka tiyi. Mayi wa pashopuyo sanaseke, ngakhale magalasi ake ankagwedera pang'ono. Anati pulosesayo yapita basi, madzi akatayika saoleka, koma akufunabe kudziwa chimene chinkaitenthetsa poyamba. Anatenga choziziritsira chija, anachitembenuza, n'kupukuta phala lotuwa limene linali kunsi kwake. Kenaka anakanda pakona ndi chikhadabo n'kusenda kapulasitiki kopyapyala, koonekera, kokhala ndi mawu ofiira.

"Nachi chipewa chenicheni," anatero. "Aka amaikira kuteteza chitsulo chili m'katoni. Mawuwa akuti chotsani musanamange. Kakatsalira, kutentha sikudutsa. Mukanabwera tsiku lija, inali ntchito ya chikhadabo chimodzi."

Mayi Buleki anakayang'ana kapulasitikiko nthawi yaitali.

"Kameneka ndinakachotsa," anatero. "Ndikukumbuka bwinobwino. Ndinawerenga mawuwo mokweza, ndinakasenda, ndinakaika pambali pa sizasi. Kenaka kunabwera munthu wofunsa za maphunziro, ndinatuluka kukalankhula naye."

Anasiyira pomwepo. Anatembenuka pang'onopang'ono. Atelala anali akuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

Bambowa anali ndi khalidwe limodzi limene banja lonse linalizolowera mpaka kuleka kuliona. Sankalola chinthu chatsopano kuvulidwa pulasitiki. Rimoti ya TV inkakhala m'kathumba kake. Mipando ya pabalaza inkalira kuti tswatswa mlendo akakhalapo. Wotchi yapakhoma inali ndi kapepala kake pagalasi, moti nthawi ankaiwerenga mongoyerekeza.

"Bambo," anatero Mayi Buleki.

"Chitsulocho chinali chonyezimira bwino," anayankha atelala, mawu ali pansi. "Ndinaona kuti chikandika. Ndinangokabwezera mmene kanalili. Phala lija munapaka pa pulosesa, ndiye simunayang'anenso kunsi."

"Ndipo masiku onsewa, tikugona ndi thukuta, tikuyeza firiji?"

"Sindinadziwe kuti n'zogwirizana. Chinthu chatsopano chimafunika ulemu."

Mayi Buleki anatseka maso. Milomo yawo inkagwedera, ndipo makaniko, amene anali pafupi, anamva akudziuza okha motsitsa kuti, "Buleki. Buleki."

Atelala anaona kuti mwina pali kampata. "Pulasitiki ndi yanga, ndavomera," anatero. "Koma vayisi si yanga."

"Vayisi ndi yanga," anatero makaniko, "koma maganizo ake anali a—" Anakumana ndi maso a mlongo wake n'kumeza mawu otsalawo.

"Anali anga," anamaliza Mayi Buleki. "Mayi, muli ndi ina?"

Inalipo ina, yogwiritsidwapo kale ntchito, yocheperako mphamvu, yochokera m'kompyuta ya munthu amene anagula yatsopano. Mayi wa pashopu anati pa ntchito yogunda mitengo ndi mageti inali yokwanira. Ankafuna kuiika yekha, koma Mayi Buleki anapempha kuti aike okha, iye azingoyang'ana. Anaikhazika pabolodi, anapaka phala, anaonetsa aliyense m'shopumo kunsi kwa choziziritsira kuti kuli mbee, anauza amuna awo kuti aike manja m'thumba, n'kumanga. Kompyuta inayaka. Fani inkangonong'ona. Kanambala kaja kanakhala kobiriwira, ndipo anakayang'anira mpaka mwini shopu atayamba kutseka mawindo.

Kunyumba mlandu wa atelala unaweruzidwa mwachidule. Pa zaka zonse za ukwati wawo ndi mphunzitsi wa galimoto, bambowa anali asanagwirepo chiwongolero. Nthawi zonse ankati ali ndi diresi la ukwati lofunika mawa. Tsopano anauzidwa kuti kompyuta ikufunika munthu woiyesa ophunzira enieni asanayambe, ndipo munthuyo wapezeka.

Chiwongolero chimene anagulira kompyutayo anachimangirira kutebulo lodulirapo nsalu, zopondera anaziika pansi. Lolemba m'mawa ophunzira atatu anakhala pabenchi kudikira nthawi yawo, mayi wa kubanki uja ali pakati, ndipo makaniko anatseka galaja kuti adzaonerere. Atelala anakhala pampando, tepi ili m'khosi, anapukuta manja pabuluku n'kugwira chiwongolero ndi nsonga za zala.

"Pondani mafuta pang'ono," anatero Mayi Buleki.

Phazi la atelala linali ndi zaka zambiri likudziwa ntchito imodzi. Linaponda, linadzuka, linaponda, linadzuka, mofulumira ndi mosalekeza, ndipo galimoto ya pa sikirini inayamba kudumphadumpha ngati chule.

"Si makina osokera amenewo. Pondani kamodzi, musiye phazi pomwepo."

"Ndi zoona zimenezo."

Phazi linamvera movutikira. Galimoto inayenda, ndipo anthu a pabenchi anadabwa, chifukwa inayenda mowongoka kuposa mmene aliyense wa iwo anayendetserapo. Sinapendekere uku kapena uku. Inangolunjika pakatikati pa msewu, mzere woyera ukulowa bwinobwino pakati pa matayala. Kutsogolo kunatulukira lole ikuliza hutala, ndipo atelala sanaphethire n'komwe.

"Bambo, bwererani mbali yanu. Mukuyenda pakati pa msewu."

"Ndikutsata msoko."

"Umenewo si msoko. Ndi mzere wogawa msewu."

Lole ija inawagunda, sikirini inagwedezeka, galimoto inatembenuzika matayala m'mwamba. Atelala anachotsa manja pachiwongolero, anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, n'kuuyang'anitsitsa mzere wodukadukawo monga amayang'anira ntchito ya telala mnzawo.

"Ngati si msoko," anafunsa, "anaudukiziranji chonchi?"